Phazi la Fumbani

Thandiwe atatsegula chitseko anapeza mwamuna wake Fumbani ataviika phazi m'beseni, bandeji ili pampando. Dorothy, mchemwali wamkulu wa Fumbani, anali chogwada, paketi ya mchere ili pambali.

Tsikulo shifiti yake ya kuntchito inali itasinthidwa, n'chifukwa chake Thandiwe anabwerako masana.

Fumbani anali ndi shuga, ndipo bala la kuphazi linakana kupola. Adokotala kuno ku Dudley, kutsidya kwa nyanja, anati tizilombo take sitikumvanso mapiritsi kapena jakisoni. Chotsala chinali bandeji yokhala ndi siliva wopha tizilombo, yoti azimasula nesi yekha. Ikakanika imeneyo, adula zala.

Dorothy sanachite manyazi. Anati bala lada ngati makala, ndipo sangaonerere mlongo wake akuwola. Wakhala akulitsuka nthawi zonse Thandiwe akapita kuntchito, n'kubwezeretsa bandejiyo bwinobwino.

Thandiwe anawakumbutsa zomwe nesi ananena: kudako ndi siliva, si kuwola, ndipo mchere umaichotsa mphamvu bandejiyo.

"Mwanayu ndinamubereka kumbuyo ine, Thandi," anatero Dorothy. "Iwe unamupeza ali kale ndi ndevu. Zilonda zake zonse zinapola ndi mchere."

"Za ku Ntcheu zinapola, alamu. Ichi n'cha kuno."

Fumbani, maso ali pa TV, anang'ung'udza kuti onse awiri akumufunira zabwino. 

Chikwatiwire, Thandiwe anali asanawayankhepo alamu ake mokweza. Ndiwo anamupezera ntchito imene inawabweretsa kuno, ndipo sankalola kuti aiwale. Komabe anatulutsa phazi lija m'madzi, nakataya madziwo mu sinki. Kenaka anaimbira nesi, nafotokoza zonse alamu akewo akumva, osabisa dzina. Atamaliza anatambasula dzanja, napempha kiyi wa nyumba amene Dorothy ankasunga.

"Ukundithamangitsa kwa mlongo wanga?"

"Lamulungu mubwere, ndidzakutsegulirani ndekha. Koma phazili musadzalikhudzenso."

Dorothy anayang'ana Fumbani, kudikira kuti alankhule. Fumbani anayang'ana zala zake za kuphazi nthawi yaitali, kenaka anati chapansipansi, "Achemwali, mupatseni."

Kiyi anagwera patebulo. Dorothy anapita kukakwera basi osatsanzika.

Nesi akufika, foni ya Thandiwe inalira. Anali atachotsedwa pa gulu la banja la pa WhatsApp. Anawerenga, nayika foniyo chafufumimba, nagwira chidendene cha mwamuna wake kuti nesi amange bandeji yatsopano.