Jekete la Osward

Osward atamwalira pa ngozi ya thiraki kufupi ndi Nakonde, bokosi linafika ku Ndola litakhomedwa kale misomali. Panalibe zoona nkhope. Mkazi wake Damaris anangosisita thabwa, anthu n'kunyamula ulendo wa kumanda.

Osward ankayendetsa mathiraki opita ku Dar es Salaam, ndipo kumeneko n'kumene anatengera matenda ake a pafyumu. Ankagula kabotolo kakuda m'sitolo ya Mwarabu wina, n'kumadzitama kuti muli udi, mtengo wakutali wa fungo la utsi, komanso safironi ndi maluwa a rozi. Damaris ankadana nalo fungolo. Ankati mwamuna wake akununkha ngati nkhuni zonyowa zothira shuga. Osward akakwera minibasi ya ku Kabushi, dera la mu Ndola kumene ankakhala, kondakitala ankatsegula mawindo, Osward n'kumaseka mano onse pamtunda. Kutchalitchi cha Reformed anthu ankadziwa kuti walowa osacheuka n'komwe.

Maliro atatha, abale ochokera ku Katete anati zovala zonse za malemu zichapidwe zisanagawidwe, monga amachitira kwawo, kuti thukuta la womwalira lisalowe m'nyumba za amoyo. Woyendetsa ntchitoyi anali Esme, mlongo wake wa Osward, mayi wa manja othamanga amene sankaphonya ngakhale sokosi. Mabeseni anadzaza pabwalo. Damaris ankayang'ana thovu likumeza malaya amodziamodzi, ndipo mtima unamuwawa koopsa, poti pofika madzulo chilichonse cha mwamuna wake chikhala chikununkhira sopo.

Kabotolo kaja kanalipo ndithu, koma anali atakanunkhiza kale. Munali pafyumu basi. Dizilo munalibe, thukuta la m'khosi munalibe. Osward weniweni anatsalira m'jekete lofiirira limene analisiya pa msomali kuseri kwa chitseko. Choncho Damaris anaba m'nyumba mwake momwe. Anavala jeketelo pamwamba pa bulauzi, n'kudzifunda nsalu yakuda mpaka m'khosi, dzuwa la Okutobala likuswa malata.

Esme atafunsa za jekete lija, Damaris anayankha maso ali pansi kuti mwina malemu anapita nalo pa ulendo.

M'chipinda chochezera munakhala a Sarah, amayi ake a Osward, amene matenda a shuga anawapha maso kalekale. Chifikireni kuchokera ku Katete sanagwetse msozi. Ankangoti m'bokosi lotseka angaikemo munthu aliyense, mwana wawo ali pa msewu ndipo abwera. Abusa anayesa kuwalankhula, analephera. Anthu anangowasiya.

Damaris anagwada pafupi nawo kuti awapatse madzi akumwa. Thupi lake linali litatentha, ndipo fungo lija linatuluka m'nsalu, utsi ndi rozi ndi dizilo pamodzi. A Sarah anadzutsa mutu. Nkhope yawo yonse inawala.

"Osward? Wafika, mwana wanga?"

Anatambasula manja onse awiri. Pakhomo panaima Esme, thovu lili m'zigongono, ndipo maso ake anasonyeza kuti wamvetsa zonse.

Damaris akanatha kubwerera m'mbuyo n'kunamizira kabotolo. Ankadziwa kuti jekete likangoonekera, beseni likulidikira panja. Anachita mantha, anachitanso kaduka, inde kaduka, ndi nkhalamba yosaona. Koma manja aja anali chitambasulire, ndipo panalibe wina woti aikemo kanthu. Anamasula nsalu, navula jekete, naliika m'manjamo.

"Ni ine Damaris, amai. Ni jekete yake chabe. Mwine wake sazabwela."

A Sarah anafufuza kolala ndi zala, kenako mapewa. Anatsika ndi mkono wa jekete pang'onopang'ono mpaka kumapeto, pamene pakanakhala dzanja. Anafinya pamenepo, nsalu yokhayokha. Ndiye anakwirira nkhope m'kolala muja, nalira kulira kumene anakusunga kuchokera ku Katete, mpaka amene ankachapa panja anasiya mabeseni n'kulowa.

Esme anayandikira. Anawerama, nagwira nsonga ya jekete, Damaris n'kutseka maso. Koma Esme anangoliyala bwino pa maondo a amayi ake. Anapukuta manja pa chitenje, natuluka kukataya madzi.

Pogawa zovala palibe anatchula jekete. Tsiku lobwerera kumudzi, a Sarah anakwera basi atalivala, manja ake aatali akulendewera kupitirira zala zawo. Damaris anawaperekeza mpaka pa siteshoni, osapempha kanthu.

Atabwerera ku Kabushi anapeza msomali uli wokha kuseri kwa chitseko. Anakolekapo bulauzi imene anavala mkati mwa jekete tsiku lija, yosachapa. Fungo linakhalamo mpaka mvula yoyamba.