Ngalande ya mu Msika wa Harar

Rauda Abdosh ankagulitsa tsabola, chikasu ndi lubani mu msika wakale wa m'kati mwa linga la mzinda wa Harar, ku Ethiopia. Pambali pake pankakhala Bontu, mayi wachioromo wogulitsa anyezi, ndipo awiriwa dzuwa linkawalowera akuseleulana.

Chaka chimenecho anthu a zamadzi anakumba ngalande ya mapaipi kudutsa pakati pa msika. Kutsogolo kwa Rauda anakumba mpaka m'khosi, n'kupeza kuti pansi pa msikawo pali msika wina: makwerero a miyala osalala ndi mapazi a anthu, mapale a mbale zachimwenye, mikanda, mafupa a ngamila. Mapaipi anachedwa, ngalande inangokhala kukamwa yasa.

Lachisanu masana, amuna ali ku mzikiti, dzuwa likuswa mtengo, Rauda anaweramuka n'kuona mayi wachimwenye ataima pamaso pake. Nsalu yake inali yakalekale, mapazi ali dothi lofiira lonyowa, chonsecho mvula inali itasiya miyezi inayi yapitayo. Mayiyo anafunsa kanthu. Rauda anayankha, n'kumulozera pakona pomwe pali okonza mafoni. Mayi uja anapita.

"Iwe, wayankhula chija n'chilankhulo chanji?" anafunsa Bontu.

"Chathu chomwechi."

"Bodza! Zaka makumi awiri ndili nawe pano, ndimadziwa ndi kutukwana kwako komwe. Chija si chanu."

Rauda anafuna kuseka, koma lilime linalemera, m'kamwa mukumveka dothi.

Mawa lake kunabwera bambo woyera khungu wa kachipewa kofiira. Kenako Msomali wa mkondo, tsitsi lonyezimira mafuta. Kenako msilikali wa ku Iguputo, kenako mayi wachiamhara wa mphini ya mtanda pamphumi. Onse ankafika dzuwa lili paliwombo, mapazi ali dothi. Sankagula kanthu. Aliyense m'chilankhulo chake ankafunsa chimodzi: malo anga ali pati? Ndipo Rauda ankadziwa. Uyu ankagulitsa nsalu apo, uyo mchere uko, winayo zipolopolo kuseri kwa ogulitsa nyama. Mawu ankangotuluka okha.

Ogula anayamba kumulambalala. Bontu anasendeza anyezi ake pang'ono, koma sanathawe. Rauda anapita kwa kapitawo wa okumba.

"Bambo, kwirirani dzenje lanuli."

"Mayi, mapaipi akadali pa doko ku Djibouti. Tikwirire chiyani, mphepo?"

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunabwera gogo wamfupi, dengu lili pamutu. Rauda anamuzindikira ndi kayendedwe, kotsimphina mwendo wamanzere. Anali mayi ake, Fethiya, amene anawaika m'manda zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Gogoyo anayang'ana Rauda ngati mlendo.

"Mwana wa eni, malo anga ali pati?"

"Amayi, ndine Rauda."

"Malo anga."

Malo a mayi ake anali omwewo amene Rauda ankagulitsirapo. Rauda anayang'ana mkeka womwe anakhalapo, n'kudzuka pang'onopang'ono. Gogoyo anatula dengu, anakhala pansi, anakoka thumba la tsabola n'kuyamba kuthothola timapesi, mutu utapendekera kumbali monga ankachitira. Dothi la kumapazi linadetsa mkeka.

Bontu anagwira Rauda pamkono. "Tiye. Usacheuke, wamva? Tiye!" Anamukoka choncho m'tinjira topanikiza mpaka kutuluka pa chipata cha Shoa.

M'mawa mwake Bontu anakapeza katundu ali bwinobwino, tsabola yense atasankhidwa, ataunjikidwa timilu. Anamanga zonse n'kukamutulira mnzake kunja kwa linga, pomwe pamaima magalimoto. Rauda anayala pomwepo, m'fumbi ndi m'phokoso.

Mapaipi anafika patatha miyezi iwiri, ngalande anaikwirira. Bontu ananyengerera Rauda kuti abwerere, anamunyoza kuti ndi wamantha, anafika polira, koma Rauda anakana. Pamalo pake panakhala bambo wina wachigurage wogulitsa zidebe. Rauda sanapondenso mu msikamo. Lachisanu lililonse Bontu amatuluka kukamwa naye khofi, ndipo amakambirana za mitengo ya anyezi ndi za ana awo.