Tikiti Imodzi ya ku Yeosu

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkalowa Chaka Chatsopano ndili chogwada kukhitchini kwa apongozi, kukazinga zitumbuwa za nsomba mpaka tsitsi kununkha mafuta, amuna ali gone pabalaza kudikira mbale. Amayi anga ondibereka, kwathu ku Yeosu, ndinkakawaona chikondwerero chitatha, zakudya zitasanduka mkute. Chaka chimenecho ndinawamva pafoni akupuma movutikira pakati pa mawu, ndipo ndinachita mantha.

Ndinawauza amuna anga tikudya. "Bambo a Yeseul, chaka chino ine ndikupita kwa amayi."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Mukapeza tikiti, pitani."

Ankadziwa chimene akunena, akambelembele aja. Matikiti a sitima a nyengo imeneyi amatsegulidwa pa intaneti 6 koloko m'mawa, dziko lonse n'kudina nthawi imodzi, pakangotha mphindi zochepa mipando yatha psiti. Tsono kompyuta yathu inkatenga mphindi khumi kuti ingoyaka. Ukadina, umatha kukatereka ketulo, kubwerako kagudumu ka pasikirini kakuzungulirabe.

Kunatsala masiku awiri kuti matikiti atsegulidwe. Ndinatsikira kwa Mal-sun, mnzanga wa shopu yochapa zovala, amene zake zonse amachitira pakompyuta.

"Achemwali, bwanji osangopita kuholo ya makompyuta olipiritsa monga amachitira anzanu?" anatero.

"Ine ndizembe mbandakucha ngati wakuba? Ayi takana. Ndigulira m'nyumba mwanga, pa chimakina chomwecho, eni ake akuona."

Anaseka, natseka shopu, tinakwera. Atayang'ana pakona ya sikirini anagwira pakamwa. Banki iliyonse, ofesi iliyonse ya boma, ukangolowa patsamba lawo amakukakamiza kuika pulogalamu yolondera, ndipo ikalowa situlukanso. Ife tinali nawo khumi ndi anayi, onse odzuka limodzi kompyuta ikayaka.

"Alonda onsewa pachipata chimodzi, mlendo alowera pati?" anatero, akufufuta mmodzimmodzi. Kenako anaima. "Nanga iyi ya masewera a timiyala?"

"Fufutani."

"Ndi ya bambo kunyumba kunotu."

"Ndamva. Fufutani."

Kompyuta inapepukadi, moti ndinavina pang'ono. Koma Mal-sun atangobwerera kushopu, chimakina chija chinayamba kulira ngati chigayo, kagudumu kaja n'kuyambiranso. Ndinapsa mtima zedi. Ndinachiponda ndi phazi kunsi kwa tebulo, ndipo ndinalichotsa msanga. Kutentha kwake!

Ndinagwada n'kusuzumira. Bokosi la kompyutalo linali litakhala pansi penipeni, pamene ife m'nyengo yachisanu timatenthetsa ndi mapaipi a madzi otentha mpaka munthu kugona osafunda. Pamwamba pake linali litavala chophimba cha thonje, chamaluwa ofiira, chosoka apongozi. Mayi amene uja chilichonse amachiveka: wailesi yakanema, poto wa mpunga, ngakhale foni. Zaka zisanu ndi zitatu kompyuta inali m'bulangete, timabowo topumira tonse titatsekeka, ndipo palibe analimba mtima kuivula poopa kuti akabwera adzafunsa. Inenso ndinkachichapa n'kuchibwezerapo, uchitsiru wanga.

Ndinachivula. Ndinamasula tizitsulo ndi nsonga ya mpeni, ndipo m'katimo fumbi linali litaumbana pa fani ngati ubweya wa galu. Ndinafuna kaburashi, sindinakapeze, ndiye ndinatenga mswachi wa bambo a Yeseul.

Tsikulo ndinadzuka 5 koloko. Ndinakokera tebulo pachitseko cha khonde, bokosi n'kulikhazika panja pakati pa mitsuko ya kimchi, kabichi wathu wosasitsa, pamene madzi amauma gwa ndi kuzizira. Chitseko chinakhala chotsekula chifukwa cha mawaya, mphepo n'kudzaza nyumba yonse. Ndinavala majekete awiri. Ndinadina batani, ndisanamalize kupukuta magalasi kompyuta yayaka kale.

Amuna anga anatulukira atadzikulunga bulangete. "Mayi a Yeseul, mukufuna kutipha?" Kenako anaona chophimba chili pansi. "Aa! Nsalu ya amayi iyi!"

"Valani inuyo ngati mukuzizidwa."

"Mwayamba misala?"

"Khalani chete, kwatsala mphindi imodzi."

Zala zinali zitauma. Wotchi itangosintha, ndinadina. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo: patsogolo panu pali anthu 312. Manambala anayamba kutsika, 200, 90, 14. Kumbuyo kwanga munthu anasiya kupuma.

Tsamba linandifunsa kuti matikiti a anthu angati.

"Dikirani kaye," anatero amuna anga, mawu atafewa tsopano. "Tikambirane. Nanga amayi ndikawauza chiyani? Zitumbuwa akazinga ndani?"

"Mukawauze kuti mwana wawo, inuyo, mwabwera. Chiwaya chimakhala m'kabati ya kumanzere, manja muli nawo awiri."

Ndinalemba 1. Sitima ya 8:40, mpando wa pazenera.

Sindinatseke n'komwe chitseko, ndinangotenga foni. Amayi amadzuka nkhuku zisanalire, anayankha msanga.

"Amayi, ndapeza tikiti. Chaka Chatsopano ndidyera kwanu."

 Anayamba kundikalipira, akupumira m'njira. "Iwe Gyeong-ok, wayamba liti mwano? Mkazi wa mwana woyamba amasiya nyumba ya apongozi pa tsiku lotere? Anthu adzati ndinakulera bwanji? Bweza tikitiyo lero lomwe."

"Sindibweza."

"Usabwere, wamva? Ine ndili bwinobwino."

"Ndikubwera, amayi."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinadikira, misozi ikuzizira m'masaya, amuna anga ali chilili ndi chophimba chawo m'manja. Atayambanso kulankhula, mawu anali aang'ono ngati a mwana.

"Ifika nthawi yanji sitimayo?"