Khadi la Mandla Litachapidwa

Amake Mandla anafika pashopu yanga yokonza makompyuta ku Kapata atafukusa kanthu m'chitenje. Anachokera ku Chiparamba, patangotha milungu itatu chiikireni mwana wawo m'manda. Atamasula ndinaona khadi la Mandla, chipangizo chija chimatulutsa zithunzi za magemu pakompyuta. Ndinalizindikira msanga, poti ine ndi mnzangayo tinkaliyesa limodzi, n'kumakangana ngati ana.

Koma linkanunkhira sopo.

"Katundu wa malemu sagawidwa asanachapidwe," anatero mayiwo. "Ichi chinali fumbi lokhalokha. Ndinachiviika m'beseni, n'kuchiyanika limodzi ndi malaya ake."

Ine ndine wapakamwa, makasitomala ndimawakalipira ndi pa zazing'ono zomwe. Koma tsikulo ndinangolandira khadilo.

"Paison mwananga," anatero kwa ine, "Mandla ndinkamunyoza tsiku ndi tsiku kuti akutaya nthawi, koma sindinasuzumirepo n'kamodzi komwe. Ndikufuna ndione zimene ankaonazo. Sindinachiwononge, eti?"

Ndinalowetsa khadilo m'kompyuta yoyesera. Mafani ake oliziziritsa anazungulira, gemu ya mpikisano wa magalimoto n'kutseguka. Pakona pa sikirini panabwera nambala yosonyeza zithunzi zimene khadi likutulutsa pa sekondi. Inayamba 60, mtima wanga n'kukhala pansi. Kenako 31. Kenako 9. Panadutsa mizere yobiriwira, sikirini n'kungoti bii, ndipo ndinamva kafungo ka kupsa.

"Magetsi athu ano mukuwadziwa, amayi," ndinanama. "Takhalani panja pamthunzi, ndikonze."

Ndinazula la Mandla n'kuikamo langa. Ndinadzida, koma ndinawaitana.

Anakhala pampando, maso ali pa galimoto yofiira ikukhota m'mapiri. Misozi inkangoyenderera, osaipukuta.

"Kani zinali zokongola chonchi? Nanga osandiuza bwanji, mwana ameneyu?"

Ndinkadikira kuti anene zoti ndiwamangire katundu wawo, nditulutse khadi lakufalo azipita nalo, nkhani ithere pomwepo. Iwo anaimirira n'kupinda chitenje chopanda kanthu.

"Kumudzi kulibe magetsi. Chisiye momwemo, chizigwira ntchito. Ndikabwera m'tauni ndizidzachiona chikuyenda."

Amabweradi, mwezi ndi mwezi, ndi kamtedza m'pepala. La Mandla ndinalibisa pansi pa kabati. Ndimawayatsira langa, iwo n'kumasisita kompyutayo pambali, akuitana dzina la mwana wawo.