Kuseka kwa Esinala

Tithokoze ankalemba nkhani zake nthawi ya nkhomaliro, atakhala pansi pa mtengo wa nimu m'mphepete mwa munda wa nzimbe, anzake opalira atagona chagada zipewa zili kumaso. Dzuwa la kuchigwa silifuna munthu woganizaganiza, koma iye zala zinkangothamanga pa kafoni kake kong'aluka galasi.

Anthu a m'nkhani zakezo sadali ake. Ezekiel ndi Magret adali a m'sewero lina la pawailesi, lija anthu ankapsereza nalo ndiwo kuopa kuti lingawapite. Sewerolo lidathera m'malere awiriwo asanakwatirane, ndipo ena zidawawawa mpaka adatsegula gulu pa WhatsApp loti azilipitiriza okha. M'gulumo Tithokoze ndiye adali dolo. Ndipotu sizinkamuvuta. Akangolemba kuti Magret adaima pakhomo, aliyense ankamuona kale, ndi mawu ake omwe ankawamva m'makutu. Zidali ngati nzimbe zophukira pachitsa: wina adabzala kalekale, iwe kwako n'kupalira basi.

Kupatula gululo, Tithokoze adalibe wocheza naye. Ku esiteti ya nzimbeyi adabwera madzi osefukira atasesa kwawo ku Makhanga. Anzake a pantchito adali a ku Mulanje, a ku Dedza, ena a kumpoto, anthu abwino ndithu, koma palibe amene ankadziwa mudzi wake. Mkulu wake Esinala adapita ndi madziwo bwato litagubuduka, mtembo osapezeka, manda kulibe. Zithunzi zidapitira limodzi ndi foni yakale. Anansi adabalalika, ena kumtunda, ena kutsidya ku Mozambiki. Padziko pano padatsala iye yekha wokumbuka mmene Esinala ankasekera, ndipo zimenezi zinkamuopsa Tithokoze kuposa madzi.

Tsiku lina Fumbani, mkulu wa gululo, yemwe Tithokoze sadamuonepo ndi maso, adamulembera pagulu pomwepo.

"Achemwali, luso muli nalo. Koma mudzalima munda wa eni mpaka liti? Tilembereni yanuyanu, ya anthu anu."

Tithokoze adavomera msanga, poti nkhaniyo adali nayo kale pamtima. Mawa lake pansi pa nimu adalemba kuti Esinala adaima pakhomo, n'kuima iye mwini. Pakhomo pa yani? Esinala wake uti? Dzinalo lidangokhala gwaa pagalasi, lopanda nkhope, lopanda mawu. Apa padalibe chitsa choti chiphukire. Adayenera kubzala zonse yekha: mpata wa m'mano, kuseka kodzimenya pantchafu mpaka kutsokomola, mango osapsa otowa ndi mchere, ndi chizolowezi chotchula aliyense kuti mwanawe, ngakhale munthu wa imvi. Chinanso, Magret akadwala ankadzachira m'gawo lotsatira. Madzi a m'nkhani iyi sankabweza munthu. Masiku ena ankangolemba mzere umodzi, n'kukhala akuyang'ana nzimbe mpaka kapitawo kuliza wezulo.

Itatha nkhaniyo, adaitumiza m'gulumo. Tsiku lonse gulu lidali zii. Anthu omwe ankachita kulimbirana kuyankha, lero ati atanganidwa! Pa nkhomaliro ya mawa lake ndi pomwe Juliana wa kwa Katunga adalemba.

"Takhuta achemwali, nkhani njokoma. Koma tisanamizane. Esinala uyu ndi Magret yemweyo, mwangomusintha dzina. Mpata wa m'mano, kudzimenya pantchafu, mango a mchere, mpaka kaja koti mwanawe! Ife Magret timamudziwa."

Ena adathira ndemanga kuti Juliana wanena zoona. Fumbani adafuna kuziziritsa. "Musakhumudwe achemwali. Kusiya anthu obwereka n'kovuta, aliyense amayamba choncho."

Tithokoze adapsa mtima mpaka makutu kutentha. Akuti wabera! Wabera mkulu wake yemwe, wobadwa naye bere limodzi! Adayamba kukwera m'mwamba mwa gululo, kufuna magawo ake akale kuti awachititse manyazi anthuwa. Adapeza gawo lina, Magret akuseka n'kudzimenya pantchafu. Adakweranso. Magret pamsika, akutowa mchere ndi bango losapsa. Mpaka gawo loyambirira, lomwe adalemba atangofika ku esiteti asanagule ndi mphasa yomwe, Magret ankauza Ezekiel kuti, "Mwanawe, usandichedwetse."

Chala chidaima. Wailesi ilibe mano, ilibe ntchafu. Magret wa m'sewero adali mayi wofatsa wa m'tauni, woyankhula mwaulemu, ndipo mango sadawatchulepo. Zonsezi adazithiramo ndi iyeyo, pang'onopang'ono, osadziwa. N'chifukwa chake kulembako kunkapepuka chotere: ankacheza ndi Esinala tsiku ndi tsiku popanda kumumiza. Ndipo anthu onsewa, a ku Mzuzu, a ku Zomba, a kwa Katunga, ankamukonda mkulu wakeyo, ankamudziwa mpaka kasekedwe. Dzina lokha ndi lomwe adalikana.

Adalemba kuti Esinala adali munthu weniweni, mkulu wake, ndipo adapita ndi madzi. Adawerenga mawuwo, n'kuona kale zomwe zikubwera: mapepani, tinkhope tolira, kenako Magret osasekanso bwino m'gulumo chifukwa aliyense azimuyang'ana ngati maliro. Adafufuta.

Kapitawo adaliza wezulo. Anzake adadzuka n'kuyamba kudzikuntha fumbi. Foni idanjenjemeranso m'manja mwake, ali Juliana.

"Musatitayire kutali achemwali. Nanga Magret abweranso liti? Ifetu tamusowa."

Tithokoze adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nanenso ndamusowa," adayankha.

Adaika foni m'thumba, n'kutola khasu lake, n'kulowa mu mzere wake wa nzimbe.