Masamba Amene Ndinkadumpha

Apongozi anga anakhala masiku anayi osandilankhula chifukwa cha mimba ya mkazi wa m'buku. Ndikamafotokozera anzanga kuntchito amaseka mpaka misozi, koma ine mpaka lero sizindiseketsa.

Apongoziwo anabwera kudzakhala nafe matenda a shuga atawaononga maso. Amuna anga amayendetsa galimoto zonyamula katundu, pakhomo amaoneka kawiri pamwezi, choncho wotsala ndi mayi awo ndinali ine. Chaka choyamba tinkangopirirana. Ndikasesa, ati ndawathirira fumbi m'kapu. Ndikasuntha mpando, ati ndikufuna athyoke mwendo. Ntchito yanga ndi yosita zovala ku kampani yochapa, maola asanu ndi atatu chiimire, nthunzi ili kumaso. Pofika kunyumba mtima wopirira unkakhala utatsala kachidutswa ngati sopo wakutha.

Chimene chinatiyanjanitsa ndi mabuku. Alamu anga, mchemwali wawo wa amuna anga, anatisiyira katoni posamuka, ndipo m'menemo munali mabuku asanu ndi atatu a nkhani imodzi yopitirira. Ndi nkhani ya namwino wogwira ntchito m'nyumba ya chisoni, amene anthu akufa amamunong'oneza za omwe anawapha, koma mwapatalipatali, osatchula dzina. Amafufuza milanduyo pamodzi ndi wapolisi wina wosakhulupirira za mizukwa. Palinso mzukwa wa mphunzitsi amene anafa mosadziwika bwino, womwe buku lililonse umabwera kudzaima pazenera la namwinoyo.

Tsiku lina ndikuwerenga pakhonde ndinakuwa ndekha kuti, “Mayo!”

“Mwalumidwa ndi chiyani?” anafunsa apongozi.

Ndinawawerengera tsamba limodzi kuti amve okha. Nditasiya anati, “Nanga mwaimiranji?” Kuyambira pamenepo, tsiku ndi tsiku folo koloko ikakwana ndinkawapeza atakhala kale pakhonde, mpando wanga ataukokera pafupi ndi wawo. Pa nkhani yotulukira wakupha anali katswiri. Tisanafike ndi pakati pomwe ankamenya ndodo pansi n'kunena kuti, “Ndi wosunga makiyi uja, mumuone. Munthu wosalakwa safotokoza zambiri chotere.” Kawirikawiri ankalondola.

Vuto linayamba m'buku lachiwiri. Namwino ndi wapolisi atathawa m'nyumba ina yamizukwa anaima pa masitepe, akupumira m'mwamba. Diso langa linatsogola mizere itatu, ndipo ndinaona kumene zinthu zikulowera: dzanja m'chiuno, milomo, batani la malaya. Ine kutchula zoterozo pamaso pa mayi wobereka amuna anga? Ndinatembenuza masamba awiri nthawi imodzi n'kupitiriza kuti, “Kutacha m'mawa, wapolisi anapita ku ofesi.” Apongozi sanazindikire kanthu.

Ndinafika pochita ukadaulo. Ndikangoona kuti awiriwo atsala okha m'chipinda, ndinkapinda kangodya ka tsamba n'kulumpha. Masamba opindawo ndinkakawerenga ndekha m'basi popita kuntchito, bukulo nditalibisa m'chikwama. Musandifunse kuti kangati.

Koma wapolisi amene ankafika m'makutu mwa apongozi anali munthu wachabechabe. Anamupatsa dzina loti Chitsa.

“Mabuku asanu athunthu, mwamuna kumangoperekeza mkazi mpaka pachitseko n'kubwerera! Ameneyu ndi mwamuna kapena mlonda?”

“Mwina ndi waulemu, amayi.”

“Ulemu wanji umenewo? Malemu apongozi anu akanakhala ndi ulemu wotere, bwenzi amuna anuwo kulibe.”

Zinkandiwawa zedi. Wapolisiyo ine ndinkamukonda, ndipo ndinkadziwa bwino kuti uchitsa alibe ngakhale pang'ono. Munthu ankatukwanidwa madzulo aliwonse chifukwa cha ine, ndili chete. Pamenepo mpamene ndikanaulula, poti mayiwo anali atasonyeza kale kuti si mwana. Koma manyazi adapha lambe, ndipo bodza likakula kulibweza kumavuta.

M'buku lachisanu ndi chimodzi namwino anapezeka ndi pakati. Izi sindikanatha kudumpha, chifukwa buku lonselo lagona pamenepo: akufa anasiya kumulankhula, n'kuyamba kulankhula ndi mwana wa m'mimbayo.

“Taimani kaye,” anatero apongozi. “Mimba? Yachokera kuti?”

“Mwina tidziwa kutsogoloku.”

Mawa lake ndinawapeza nkhope ikuwala ngati mwana woti wakhoza mayeso. Ndisanavule ndi nsapato zomwe anandikoka dzanja.

“Ndaitulukira. Mimba ija ndi ya mzukwa.”

“Amayi?”

“Taganizani bwino. Chitsa sanamukhudzepo ndi chala chomwe. Mwamuna wina kulibe. Amene amabwera pazenera buku lililonse ndani? N'chifukwa chake akufa akulankhula ndi mwanayo, ndi m'bale wawo! Wolemba ameneyu ndi wochenjera, koma ine sanandipusitse.”

Chiwafereni maso ndinali ndisanawaonepo atakondwa chotero. Ndikanati chiyani? Ndinangoti, “Zikhoza kutheka.” Kuyambira tsiku limenelo ntchito inakula. Kudumpha kokha sikunakwanenso. Wapolisi akati “mwana wathu,” ine ndinkawerenga kuti “mwana wako.” Akagwira mimba ya namwino, ine ndinkamugwiritsa chitseko. Ndinkamaliza ola limenelo mutu ukuwawa kuposa mmene umawawira ndikasita malaya tsiku lonse, ndipo nkhani imene poyamba ndinkaithamangira inayamba kundinyansa.

Loweruka alamu anabwera kudzazonda mayi awo. Tili pa tiyi, apongozi anadzikonza pampando n'kuyamba kufotokoza zimene anatulukirazo, mfundo ndi mfundo, akuwerenga pa zala. Ine ndinayesa kutsinzinira alamu diso, ndinayesa kuwaponda phazi pansi pa tebulo. Anthu ena ngakhale muwaponde mutu samva. Alamu anaseka mpaka tiyi kutayikira pa siketi.

“Amayi inu, mzukwa wanji? Ndi wapolisi uja! Anayamba chibwenzi kalekale, m'buku lachiwiri, pa masitepe paja. Buku lachinayi ndiye musanene, ine ndinachita kulibisa kuti ana asalione.” Kenako anatembenukira kwa ine. “Kodi alamu, mukuwawerengera mabuku ake omwewa?”

Apongozi anafufuza mbale ndi zala, anaikapo kapu pang'onopang'ono, anatenga ndodo n'kulowa kuchipinda kwawo. Sanamenyetse chitseko. Bola akanamenyetsa.

Masiku anayi amenewo ndinakwiyira aliyense. Alamu, chifukwa cha pakamwa pawo posatsekeka. Wolemba mabuku, chifukwa chosatha kusiya anthu kuti afufuze milandu atavala. Amuna anga, amene nditawaimbira foni anangoseka n'kunena kuti, “Ingopepesani, zithe,” ngati kuti mayi awowo ndangowaponda chala. Apongozi ndinawakwiyiranso: si ulemu womwewo umene anthu amafuna kwa mpongozi? Ndikanawerenga zonse, bwenzi akuuza abale kuti mwana wawo anakwatira mkazi wolaula. Kuntchito ndinapsereza kolala ya malaya a munthu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

Apongozi chakudya ankalandira, mankhwala ankamwa, koma mawu ayi. Folo koloko ikakwana, pakhonde panali mipando iwiri yopanda anthu. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Popanda ola limenelo, ine ndi mayiwo tinalibe china chotilumikiza. Tikanabwerera ku zakale zija, za fumbi m'kapu, ndipo ine mphamvu zoyambiranso moyo umenewo ndinalibe.

Tsiku lachisanu nditaweruka ndinatenga buku lachiwiri, ndinagogoda, ndinakhala pa kampando pafupi ndi bedi lawo. Anali atagona choyang'ana kukhoma. Mawu opepesa amene ndinakonza m'basi onse anathawa, ndiye ndinangotsegula pa tsamba lopinda n'kuyamba kuwerenga za pa masitepe. Ndinawerenga mothamanga, mawu ali phwaa ngati wolengeza za maliro, thukuta lili kamukamu.

“Mukuthamangira kuti?” anatero osatembenuka. “Bwerezani.”

Ndinabwereza. Nditamaliza anati, “Ena.” Ndinakatenga mabuku onse, n'kumatsegula paliponse pamene ndinapinda. Pofika pa buku lachinayi anali atadzuka, atatsamira pilo. Ine ndinkangofuna pansi patang'ambika ndilowe.

“Hii,” anatero pomaliza. “Chitsa ndinamulakwira.”

Ndinaseka, mtima unayamba kukhala m'malo. Ndinkayesa zatha. Koma iwo sanaseke.

“Mwananga, ine ndinabereka ana asanu. M'mabukumo mulibe chimene chikanandigwetsa pampando. Chandiwawa n'chakuti miyezi yonseyi ndakhala pakhonde paja ngati kamwana, inu mukundisankhira zoti ndimve. Ndinavutitsa mutu wanga tsiku lonse kufufuza chinthu choti yankho lake munalipinda m'manja mwanu. Mwana wobereka ndekha n'kundiseka.”

“Pepani, amayi. Ndinkachita manyazi.”

“Ndikudziwa. Masiku anayiwa ndakhala ndikuganiza zina.” Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga. “Mwezi watha kuchipatala, dokotala wa maso anakuitanirani panja. Munakhalitsa. Koma kalata yake mutafika kuno munandiwerengera mizere itatu: ndizithira mankhwala, ndidzabwerenso pakatha miyezi itatu. Dokotala amatulutsira munthu panja chifukwa cha mizere itatu?”

Kalatayo ndinali nditaidumpha pakati ponse. Ndinauza amuna anga okha pafoni, ndipo tinagwirizana kuti tidikire kaye, tidzawauze nthawi yabwino. Nthawi yabwinoyo sinkafika.

“Katengeni.”

Inali m'dirowa yanga, pansi pa nsalu zapabedi. Ndinabwera nayo.

“Muyambire pamwamba,” anatero. “Ndi deti lomwe.”

Ndinawerenga deti, dzina la chipatala, dzina lawo, zaka zawo. Ndinawerenga kuti mitsempha ya maso onse awiri inaonongeka kotheratu. Kuti opaleshoni imene ankaiyembekezera singathandize. Kuti mankhwalawo ndi ongoletsa kuwawa, ndipo kuona sadzaonanso. Mawu anandithera kawiri, koma sindinasiye ngakhale liwu limodzi, mpaka pa siginecha.

Anasisita m'mphepete mwa bulangete ndi chala chachikulu.

“Buku lomaliza lija ndimafuna ndikuuzeni kuti mulisiye,” anatero. “Ndimati ndidzaliwerenge ndekha akandichita opaleshoni.”

Misozi inandigwera pa kalatapo. Iwo maso awo anali ouma.

“Musalire, mundinyowetsera pepala. Lipindeni bwino, muliike pansi pa pilo wangayu. Ndi langa.”