Palibe Dandaulo, Bwana

Amuna anga anapuma usilikali ali kopolo. Anzawo odziwa kusekerera mabwana anakwera, iwo mizere iwiri yomweyo pamkono mpaka imvi. Kunyumba anabwera ndi bondo lophwanyika, limene galimoto ya asilikali inapsinja ali pa ntchito, ndi penshoni yoti ikafika lero, mawa mukufunsana kuti yalowera kuti. Ndiye a Kopolo anayamba ulonda pageti la sitolo ya matayala, kuima tsiku lonse ndi mwendo umene dokotala anati uzipumula.

Titamva kuti kukubwera bwana wamkulu kudzamva madandaulo a asilikali opuma, ndinawakhazika pansi.

"Bambo a ana, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukanene za bondoli, awonjezereko kangachepe, ulondawu muusiye musanalumale."

"Ndikanena, mayi. Pakamwa ndili napo."

Pakamwa ali napodi, makamaka podzudzula mchere wa m'ndiwo. Komabe sindinawakhulupirire. Ndinkakhala pampando ngati bwanayo, iwo n'kuimirira kutsogolo kwanga, tikuyeserera. Mawu ankatuluka bwino, mpaka ine mwini wake misozi kulengeza.

Tsikulo anapukuta nsapato mpaka kuoneka nkhope. Mu holo munali mipando yokwanira, koma madalawo atangomva kuti bwana wafika, onse anadzuka n'kufola pamzere, popanda wowauza. Ife akazi awo tinali kumbuyo. Bwana anasangalala, n'kuyamba kuyenda pamzerewo manja ali kumbuyo, monga ankachitira pa perete. Pamenepo ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa a Kopolo anandiuzapo kale kuti pa perete funso la bwana lili ndi yankho limodzi lokha, ndipo woyankha zina ankagona atatopa ndi chilango.

Bwana anaima pamaso pawo.

"Kopolo, pali dandaulo lililonse?"

Ndinaona chifuwa chikutuluka. Mwendo wodwala womwewo unakwera n'kumenya simenti kuti phwa!

"Palibe, bwana!"

Wotsatira nayenso palibe. Wina wa diso limodzi, palibe. Mzere wonse unatha choncho. Bwana anati ndi wonyadira kuona asilikali enieni osadziwa kudandaula, anthu anawomba m'manja, galimoto inanyamuka.

Tinakwera basi yobwerera. Ndinali nditakwiya kwambiri, ndipo mawu ndinkawasungira kunyumba, kuti ndikawakhuthulire bwino popanda mboni. Titafika ndinapita kukatereka madzi othowera bondolo, poti linali litatupa ngati dzungu chifukwa cha kumenya pansi kuja.

Pobwera ndi beseni ndinamva mawu pabalaza. Ndinasuzumira. A Kopolo anali ataimirira, buluku atalipinda mpaka m'ntchafu, akuyang'ana mpando uja ndinkakhalapo poyeserera. Pampandopo panalibe munthu.

"Bwana, dandaulo lilipo. Bondo ili linavulala ndili pa ntchito yanu. Sindinathawe, sindinakanepo lamulo. Ndikupempha mundiganizireko, chifukwa kuima sindikuthanso."

Ananena zonse, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Kenako anadikira, ngati mpandowo uyankha.

Ukali wanga unathera pakhomo pomwepo, ndinangomva chisoni. Ndinalowa, n'kuika beseni pansi.

"Khalani, bambo, madzi angazizire."

Anakhala. Ndikuwathowa, anayang'ana kumbali n'kufunsa motsitsa mawu ngati yunifolomu ya ulonda ndinaisita.